Chulu cha Lachinayi

"Ndiye undiuze, pachulu paja umakalirira ndani?"

Mayi Safiya anafunsa osacheuka. Manja awo anali pathandala, akutembenuza matemba amene anayanika m'mawa. Zulfa anatula ndowa, n'kuzungulira kukaima kudzanja lawo lamanja, chifukwa khutu lawo lakumanzere linagontha kalekale, akuti ndi malungo. Anayankha kuti salirira munthu aliyense.

Amayi ake anati asawayese mwana. Kumjigo nkhani inali yake yokhayokha. Akuti Lachinayi lililonse dzuwa likapendeka, mwana wa Safiya amadutsa m'minda ya mpunga, kukwera chulu, kumata foni kukhutu, n'kumatsika maso ali psuu. Mudzi wonse unkadziwa kuti kumbali ino ya nyanja ya Chiuta rede ya foni imagwira bwino pachulu paja pokha. Unkadziwanso kuti okwerapo ali mitundu iwiri basi: amalonda ofunsa mitengo ya nsomba ku Cuamba, ndi azibwenzi zobisa.

"Iwe sugulitsa nsomba," anatero mayi Safiya. "Kwatsala masabata atatu kuti shehe amange nikahi, ukwati wako. Taona uko, kenaka undiyankhe."

Analoza ndi chibwano. Kuseri kwa nkhokwe kunali njerwa za Jabiri, chibwenzi cha Zulfa, zili ndandanda, zofunditsidwa udzu, zikudikira uvuni. Chapafupi panali zikhomo zinayi zomangidwa chingwe, malire a nyumba imene mkamwiniyo ankati amange pamalo a apongozi ake. Zulfa ankayeza nyumbayo ndi maso m'mawa uliwonse. Ankadziwa kale kumene kudzakhale zenera loyang'ana kunyanja, ndi mtundu wa nsalu ya kapulana imene adzapachikepo.

Anatopa kubisa, ndipo anaulula. Anati amalankhula ndi mayi wina dzina lake Ana, psikologa, dotora wa maganizo amene amakhala ku Lichinga. Nambala yake anaipeza papepala lomatidwa pakhoma la chipatala ku Insaca, tsiku lija anapita ndi mutu wosamva mankhwala. Achinyamata amalankhula naye pafoni za zibwenzi ndi za mabanja. Rede ikakhala bwino amaonana nkhope, ikavuta amatumizirana mawu ojambula.

Mayi Safiya anasiya matemba. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Bola ukanati ndi mwamuna," anatero motsitsa mawu. "Wachimasomaso amalangizidwa n'kusiya. Koma dotora wa mutu? Ukufuna anthu azinena kuti m'nyumba mwa Safiya mwalowa misala? Adzakukwatira ndani? Nanga amjomba ako a Masudi ntchito yawo n'chiyani, si ankhoswe ako? Za m'nyumba sayanika pathandala ngati matemba, mwanawe. Wazitengera kwa mlendo wopanda fuko, wosadziwa n'komwe kuti agogo ako anali ndani."

Zulfa anati ndiye ubwino wake umenewo, kuti sadziwa agogo ake. Kaya amayi ake anamva, kaya sanamve. Anangoti mwamuna wansanje ndiye wokonda, wopanda nsanje amakhala ali ndi kwina kodyera. Banja n'kupirira, ndipo amene walira mvula walira matope. Anamaliza ndi lamulo: dzina la dotorayo lisatuluke pakamwa pake, ngakhale kwa khoswe wa padenga.

Lachinayi linafika, ndipo Zulfa anapitabe. Minda inali itauma, nthaka itang'ambika ngati zidendene za nkhalamba. Pamwamba pa chulu nyanja inkaoneka ngati kansalu kotuwa, mabwato ali ngati nyerere. Anakhala pansi n'kudikira kuti timizere ta rede tikwane titatu.

Poyamba paja iye anamuimbira Ana kuti amukonze. Anamuuza kuti ali ndi chibwenzi chabwino, mnyamata amene amaimba nyimbo akamamukweza panjinga yamoto, amene anamugulira foni yomweyi, koma iyeyo amangomukwiyitsa. Amachedwa kuyankha foni mpaka ilire kanayi. Amaiwala n'kupatsa moni anyamata amene anaphunzira nawo kushikola. Ankafuna aphunzitsidwe kukhala mkazi wosalakwa, mwamsanga, nikahi isanafike. Ana sanamupatse phunziro limenelo. Ankangofunsa mafunso, ndipo ankamutchula kuti inu, chinthu chimene munthu wamkulu aliyense anali asanachitepo kwa Zulfa.

Tsiku limeneli Ana anamvetsera za mkangano wa pathandala, kenaka anabwerera ku funso la sabata yatha, lija Zulfa analiyankha ndi mawu ojambula chifukwa rede inali itathawa. Anati yankho lija analimva kawiri. Sanati amusiye Jabiri, sanatinso amukwatiwe. Anati chikondi chabwino chimapirira kumva mawu oti ayi, ndipo njira yodziwira n'kuyesa ndi ayi wamng'ono, masana, pabwalo, anthu ali pafupi. Anawonjeza kuti ngati Jabiri angafune, atha kulankhula onse atatu, chifukwa nsanje nayo imakhala ndi pochokera. Anamukumbutsanso kuti azifufuta mawu ojambula aja.

Zulfa analonjeza, koma sanafufute. Ankawamvetsera akamasenda chinangwa, foni ataibisa mumpango. Chimene anachita n'kuika nambala yotsekera.

Jabiri anabwera Lolemba masana, njinga italemedwa ndi madengu opanda kanthu. Anatsika akumwetulira, kumwetulira kuja kotsekula kadzenje patsaya, ndipo mtima wa Zulfa unachita zimene unkachita nthawi zonse, kudumpha ndi kubisala nthawi imodzi. Anabweretsa kapulana yamaluwa achikasu. Anayendera njerwa zake, kuzigogoda, n'kunena kuti Loweruka azipanga uvuni mvula isanawapeze. Kenaka anatambasula dzanja, monga mwa masiku onse, kuti aone foni.

Zulfa anati ayi. Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti anachita kuwabwereza.

Ananena zonse mothamanga, ngati munthu wowoloka madzi ozizira. Anati akufuna kupita ku Insaca kukalembetsa mayeso a kushikola amene analephera. Anati foni ili ndi nkhani zake za iye mwini. Anati pali mayi wina, Ana, dotora wa maganizo, amene angawathandize onse awiri kuti azikhala osaopana.

Jabiri anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga.

"Ana? Wamupatsa dzina labwino. Iwe ukuyesa ine ndinabadwa dzulo? Mwamuna amalembedwa Ana, mkazi amalembedwa Mekaniko. Zimenezo timazidziwa."

"Mumazidziwa bwanji, a Jabiri?"

Kumwetulira kunazima. Anamugwira padzanja pomwe paja, pamene chibangiri chinasiya chipsera mwezi watha, n'kupotoza pang'onopang'ono, osakweza mawu, maso ali kukhitchini kumene mayi Safiya ankapeta mpunga. Foni inagwa m'fumbi. Anaitola, anaipukuta pamalaya, anayesa kuitsekula koma inakana. Anamuuza Zulfa kuti atchule nambala. Zulfa analuma mlomo. Jabiri anati chabwino, adzaitchula pamaso pa ankhoswe, kuti mudzi wonse umve mawu a Ana wa ndevuyo. Foni anapita nayo, kapulana yachikasu anaisiya pansi pomwepo.

Lachinayi la sabata imeneyo Zulfa sanakwere chulu. Anakhala pakhonde dzanja atalikulunga mumpango, ndipo amayi ake atafunsa anati wadzipweteka ndi munsi.

Ankhoswe anakumana Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango, tsiku lomwe lija la uvuni. Amjomba Masudi, mchimwene wa mayi Safiya, anakhala pampando wa nsungwi, kofia ili pabondo. Moyang'anana nawo panali a Fadili, nkhoswe ya Jabiri, bambo wonenepa wokonda miyambi kuposa chakudya. Zulfa ndi amayi ake anakhala pamphasa. Kumpanda kunali mitu ya amayi amene anadzera njira imeneyo mwangozi, onse nthawi imodzi.

A Fadili analankhula nthawi yaitali. Anati mwana wawo waumba njerwa ndi manja ake, wapondaponda dothi mpaka miyendo kusweka, koma akumva kuti nyumba isanamangidwe wina wayamba kale kuyeza chitseko. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Iwo sanabwere ndi nkhondo, anabwera kudzangomva mawu a Ana. Amjomba Masudi anapukusa mutu mwamanyazi, n'kunena kuti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Anatembenukira kwa Zulfa n'kumulamula kuti atsekule.

Mayi Safiya anamutsina pantchafu. Zulfa anadziwa tanthauzo lake: ukane, bola akuyese wachiwerewere kusiyana ndi wamisala. Anayang'ana foni ili m'manja mwa Jabiri. Ankadziwa zonse zimene zinali m'menemo, mawu amene sanawanenepo kwa munthu wokhala ndi nkhope pafupi. Anadzifufuza kuti apeze mantha, koma anapeza kutopa kokha, kutopa kolemera ngati nsalu yonyowa. Anatenga foni, anadina manambala anayi, n'kuibweza.

"Muyambire pamwamba," anatero. "Musadumphe."

Jabiri anaitanitsa beseni lachitsulo n'kuika foni m'katimo, monga achitira anyamata akafuna kuti nyimbo imveke mpaka kudooko. Anadina.

Munatuluka mawu a mkazi, odekha, a Chinyanja cha kumpoto. Anapereka moni, anafunsa ngati mutu uja wasiya. A Fadili anatsokomola n'kunena kuti akazi nawo amatumidwa, apitirize. Mawu aja anapitiriza: "Zulfa, ndili ndi funso limodzi lokha lero. Mukamva njinga yake ikubwera, thupi lanu limatani?"

Kenaka beseni linalankhula ndi mawu a Zulfa, mphepo ya pachulu ikuwomba kumbuyo kwake.

"Mimba imauma. Ndisanamuone n'komwe ndimayamba kufufuza chimene ndalakwa. Ndimayang'ana foni ngati inalira ine ndili kumadzi. Ndimakumbukira anthu onse amene ndawapatsa moni. Akafika akumwetulira ndimasangalala kwambiri, mayi Ana, ngati munthu amene wakhululukidwa mlandu, koma mlanduwo sindiudziwa. Dzanja lija analipotoza silinapole. Amayi ndinawauza kuti ndi chibangiri chothina. Ndimamukonda. Ndingotopa. Kodi anthu onse okondana amatopa chonchi?"

Jabiri anatambasula dzanja kuti azimitse, koma amjomba Masudi anati mwini wake ndi amene anaitanitsa beseni, alisiye. Mayi Safiya, amene anakhala khutu logontha lili kubeseni, anadzuka, anazungulira mphasa n'kukagwada mbali inayo.

"Bwezani pomwe paja," anatero. "Sindinamve bwino."

Palibe anasuntha, ndiye Zulfa anadina yekha. Mawu ake anabwerezanso zonse, mimba youma, moni, chibangiri. Amayi ake anamvetsera mutu uli pafupi ndi chitsulo, maso ali pansi. Atatha anagwira mpango wa padzanja la mwana wawo n'kuumasula pang'onopang'ono. Anayang'ana kutupako, n'kuukulunganso bwinobwino monga unalili.

Amjomba Masudi anavala kofia, anaivulanso. Anati, chabwino, mwamuna palibe, alhamdulillah, nkhani yapepuka. Zotsalazi n'zazing'ono, lilime ndi mano zimakhala nyumba imodzi koma zimalumana. Jabiri apepese, achepetse dzanja. Koma mlandu weniweni, anatero akuloza Zulfa, ndi wotenga za m'banja kukazitula kwa mlendo wa mufoni, ankhoswe ali moyo. Iwo anawaika kuti azitani? A Fadili anavomereza ndi mutu, atapeza poponda.

"Ndikanabwera kwa inu mukanandiuza chiyani, amjomba?" anafunsa Zulfa.

Amjomba anatsekula pakamwa, koma anayankha ndi mlongo wawo.

"Akanakuuza zimene anandiuza ine." Mayi Safiya sanakweze mawu. "Iwe ndi njinga yamoto. Ine linali belu la njinga yakapalasa ya bambo ako. Likangolira kumango uko, ndinkayang'ana ngati madzi osamba afunda, ngati mchere wakwana. Achimwene, ndinabwera kwanu kangati? Ulendo wachitatu ndinabwera magazi akutuluka m'khutu umu, mwana uyu ali kumsana. Munandiperekeza nokha kubwerera, munandinyamulira ndi kamtolo kanga. Munati banja n'kupirira. Ndakhala ndikuuza mwanayu kuti ndi malungo. Achimwene, khutu ili ndi malungo?"

Amjomba Masudi anayang'ana kunyanja. Anati zakale sizidzutsidwa, mwini wake anagona kumanda. Mayi Safiya anati iye anagona, koma khutu silinadzuke.

A Fadili, pofuna kupulumutsa tsiku, anafunsa mtsikanayo kuti tsono akufuna chiyani. Zulfa anayang'ana Jabiri. Kadzenje ka patsaya kanalibe, koma anali yemwe uja, wa nyimbo za panjinga, ndipo mtima wake wopusa unamuthamangirabe. Anati sakumukana. Akupempha zinthu ziwiri zokha: nikahi idikire mpaka mpunga ukololedwe, ndipo Jabiri akwere naye pachulu Lachinayi, ngakhale kamodzi, alankhule ndi Ana onse awiri.

Anadikira. Anali atakonzeka kukhululuka zonse, mpaka Mekaniko yemwe, Jabiri akanangoti inde.

"Ine si wamisala," anatero Jabiri. "Mkazi wanga sindingamufunsire kwa foni. Nikahi ndi tsiku lomwe tinapangana, apo ayi basi."

"Ndiye basi," anatero Zulfa.

Amjomba anayamba kunena kuti mwana sangathetse yekha zimene akulu anamanga, koma mayi Safiya anali atadzuka kale. Anayenda kupita kuseri kwa nkhokwe, onse akuwayang'ana. Anagwira chikhomo choyamba, anachigwedeza uku ndi uku mpaka nthaka youma inachilola. Anazula chachiwiri, chachitatu. Chachinayi chinalimba, anachita kuchimenya ndi mwala. Anakulunga chingwe pazikhomozo mosamala, monga akulungira ukonde, n'kubwera kudzaziika pamapazi a Jabiri.

"Njerwa ndi zanu, bambo, mudzatenge," anatero. "Malowa ndi a amayi anga."

Jabiri anatola m'beseni foni ija anamugulira Zulfa n'kuliza njinga. Zikhomo anazisiya, anachita kunyamula a Fadili.

Njerwa sanabwere kudzatenga. Mvula yoyamba inagwa patatha masiku khumi, ya mphepo, n'kuulutsa udzu uja. Pofika m'mawa mizere yonse inali itasanduka phiri la matope, nkhuku zikupalasapo. Zulfa anaima pamene pakanakhala zenera loyang'ana kunyanja, n'kulira kulira kumene sanalire pansi pa mango.

Kumjigo nkhani inasintha monga momwe amayi ake ananenera. Tsopano ankati mwana wa Safiya ali ndi dotora wa misala, ndipo matendawo ayenera kuti anachokera kwa make. Amjomba Masudi anasiya kudzera pakhomo popita kumzikiti. Njinga yamoto ikalira kumsewu Zulfa ankatembenukabe, mimba itauma, ndipo sankadziwa ngati n'kumusowa kapena kumuopa. Ankafuna wina woti amufunse.

Lachinayi lachitatu chithere chibwenzi, dzuwa litapendeka, amayi ake anamasula mfundo ya kapulana n'kutulutsa kafoni kawo kamabatani, kaja kosweka pakona. Anafunsa ngati dotora uja amayankha mafoni osaona nkhope. Zulfa anati nambala anailemba kumapeto kwa kaderno, kope lake la kushikola, akangobipa Ana amaimba yekha.

Ananyamuka. Atafika pakati pa minda anamva mapazi m'matope kumbuyo kwake. Anali amayi ake, khasu lili paphewa, akuti akukaona ngati madzi alowa m'munda. Munda wawo unali mbali ina, koma Zulfa anangopitiriza kuyenda. Anthu amene ankafesa mpunga anaweramuka n'kumawayang'ana, mayi ndi mwana, mpaka anafika pachulu.

Zulfa anakwera n'kubipa. Amayi ake anatsala pansi, atatsamira khasu, atatembenuzira khutu lakumanja kumwamba. Kafoni kanayamba kulira m'manja mwa Zulfa.

"Yankha, usamudikiritse," anatero mayi Safiya. Anakanda matope a pampini ndi chala. "Ukatha zako, umufunse ngati amamvetseranso zakale."